Tepi ya Kadontho Kofiira

1. Holo ya a Makina

Aliyense amene anadutsapo pa Migowi m'chaka cha 2001 sangaiwale holo ya vidiyo ya a Nickson Makina. Mungawoloke malire mpaka ku Milanje, mungakwere basi masiku awiri mpaka ku Joni, holo yaphokoso ngati imeneyo simukaipeza. Nyumbayo inali ya njerwa zosawotcha ndi malata adzimbiri, koma sipika yake anaimangirira pamwamba pa mtengo wa bulugamu. Zibakera za m'kanema zinkamveka mpaka kwa ogula nandolo kumapeto kwa msika. Eni akewo ankaima pakhomo, malaya ali yasa pachifuwa, n'kumafuula kuti, "Lowani muone dziko! Amereka wabwera yekha pa Migowi!"

Tsopano holoyo inali zii. Pachitseko panali loko wa apolisi. Pamtengo paja panangotsala waya ali lende.

Selestina, mwana mmodzi yekhayo wa a Makina, ankadutsa pamenepo m'mawa uliwonse popita ku sekondale yoyendera. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu, ali Fomu 2. Pofika pa holopo ankafulumiza miyendo, maso ali pansi.

Nkhani yake inali yodziwika msika wonse. Tsiku lina masana apolisi analowa mwadzidzidzi n'kupeza a Makina akuonetsa kanema wolaula, ana asukulu khumi ndi anayi ali pamabenchi, mayunifolomu atabisa m'majumbo. Khoti silinachedwe. A Makina anawalamula kukakhala kundende chaka ndi theka. Deki yoonetsera matepi, sikirini ndi jenereta boma linalanda. Ndipo matepi onse, makumi asanu ndi limodzi kudza atatu, khoti linati atenthedwe pamaso pa anthu Lachisanu likubwerali, nthawi ya teni koloko m'mawa.

Kusukulu Selestina anasanduka mlendo. Violet, amene ankakhala naye desiki imodzi kuyambira Sitandade 5, anasamukira kutsogolo, ati kumbuyo sakuona bwino pabolodi. Anyamata akamuona ankatsanzira mawu a bambo ake: "Lowani muone dziko!" Pa nthawi yopuma iye ankazungulira kuseri kwa kalasi, n'kumadya chinangwa chake yekha, akuyang'ana phiri la Michesi.

2. Kadontho kofiira

Anthu onse ankayembekeza Lachisanu ngati tsiku la mpira. Selestina yekha ndiye ankaliopa, pakuti m'gulu la matepi aja munali amayi ake.

Amayi Edina anamwalira iye ali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Zithunzi zawo za pa utsikana zinapita ndi napolo wa mu 1991, pamodzi ndi nyumba, mbuzi ndi nkhokwe. Patapita zaka zinayi, a Makina atayamba kupeza bwino, anaganiza zokadalitsa ukwati wawo kutchalitchi. Wojambula zithunzi wa pamsika atadzipereka, iwo anamuseka.

"Zithunzi zongoima njo n'za nthawi ya chipani chimodzi," anatero. "Ife tikufuna zoyenda!"

Choncho anaitanitsa munthu kuchokera ku Limbe, wonyamula kamera paphewa. Mwambo wonse unalowa m'tepi imodzi. Chithunzi china cha amayi Edina padziko lapansi panalibe.

Tsiku limene tepiyo inafika, amayi Edina anaidonthezera kyutekisi wofiira wopaka m'zikhadabo pakona kuti isasokonekere ndi za m'holo. Kenaka anatenga mchira wa supuni n'kuthyola kachidutswa kakang'ono kamene kamakhala kumsana kwa tepi iliyonse. Panatsala kabowo.

"Waona, Sele?" anamuuza mwana wawo. "Bambo ako andiphunzitsa. Kabowo aka kakakhala pululu, deki imakana kujambulapo zina. Ndiye kuti ine ndikhala momwemu mpaka iwe udzamere imvi."

Amayiwo atamwalira, Selestina ankaionera Lamulungu lililonse pochokera kutchalitchi, holo isanatsegulidwe. Koma chaka chathachi bambo ake anayamba kuzemba. Lero ati deki yatentha. Mawa ati tepi ndaisunga pabwino. Miyezi inangopita choncho mpaka apolisi anabwera.

Apolisiwo sanasankhe. A Makina anali ndi chizolowezi chobisa matepi oipa m'zikuto za makwaya ndi za maulaliki. Wapolisi atatsegula chikuto cholembedwa kuti "Nyimbo za Pasaka" n'kupeza zimene anapezazo, anangoti, "Kokolani zonse."

Tsopano Selestina ankakhala kwa amayi ake aang'ono, a Bertha, kumudzi wa m'munsi mwa Michesi. Lachiwiri madzulo, akusenda nandolo pakhonde, anayesa kuiyamba nkhaniyo.

"Amayi, tepi ya ukwati ija ili m'gulu lomwelo."

"Usanditchulire za matepi pakhomo pano," a Bertha anayankha osatukula mutu. "Kumpingo ndikulephera kudzutsa nkhope chifukwa cha matepi. Mchemwali wanga akanakhalapo akanafa kachiwiri. Azitenthe zonse, fumbi lake lipite ku Chilwa."

"Koma nkhope yawo ndayamba kuiiwala. Ndikatsinzina ndimangoona duku."

Manja a a Bertha anaima pang'ono, kenaka anapitiriza kusenda.

"Senda nandolo, kukuda," anatero.

3. Malangizo a a Julius

Lachitatu akuweruka, Selestina anamva munthu akumuitana pansi pa bulugamu uja.

"Sele! Mwana wa mnzanga! Ukundidutsa ngati chitsa?"

Anali a Julius, okonza njinga, amene ankapezeka m'holo ya bambo ake tsiku ndi tsiku. Kwawo kunali ku Jenala, ndipo zinkamveka kuti agula deki yakale, akufuna kutsegula holo yawoyawo. Chiwamangireni bambo ake, uyu anali munthu woyamba kumuitana ndi dzina pamsika. Selestina anaima.

A Julius anapukuta manja pa ovolosi n'kumukokera kabenchi.

"Waonda, mwanawe. A Bertha akukudyetsa mphepo? Tamvera. Ine mtima ukundipweteka ndi tepi ya malemu mayi ako. Ya kadontho kofiira ija. Ipse pamodzi ndi zinyalala? Ayi, zosatheka."

"Nanga ndingatani, a Julius? Khoti linagamula."

"Khoti ndi anthu! Majisitireti wake ndi mzimayi, wa ku Rumphi uko. Mzimayi ukamulirira amasungunuka ngati shuga m'tiyi. Upite Lachisanu m'mamawa, uvale yunifolomu, ugwade. Unene kuti m'tepimo muli ukwati wokhawokha. Akati lumbira, ulumbire. Sangaionere, magetsi pa boma anazima Lolemba, mtengo unagwera mawaya. Adzangokupatsa."

Selestina anasendera pafupi.

"Ukaitenga," a Julius anatsitsa mawu, "usapite nayo kwa a Bertha, angaiponye m'chimbudzi. Ubwere nayo kwa ine. Ndidzikusungira, ndipo tsiku lililonse ukafuna kuona mayi ako, deki yanga ndi yako."

"Zikomo kwambiri. Koma za kadonthoko mwazidziwa bwanji?"

A Julius anaseka mokweza, n'kumenya tayala la njinga.

"Ine ndi bambo ako tinkadyera mbale imodzi! Pita, usachedwe Lachisanu."

4. Kalongonda wa a Tobias

Lachisanu Selestina anadzuka tambala atangolira kachiwiri, nauyamba wapansi. Sanatsanzike. Njira ya m'minda inali ndi mame, ndipo amayi opita kukatola nkhuni kuphiri ankamupatukira osamulonjera. Anafika pa boma dzuwa litakwera pang'ono.

Kuseri kwa khoti anali atakumba dzenje losaya. Pambali pake panali wilibala yodzaza matepi, chigubu cha palafini, ndi nkhalamba ya yunifolomu ya khaki ikulondera. Awa anali a Tobias, mesenjala wa khoti, amene pa unyamata wawo anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni. Anamuyang'ana mtsikanayo kuyambira kumapazi onyowa mpaka kumutu.

"Iwe si mwana wa malemu Edina? Chipumicho n'chomwecho. Wadzaonerera moto?"

Selestina anagwada n'kufotokoza zonse, kupatula za a Julius. A Tobias anamvetsera akusisita chibwano.

"Kupempha si mlandu," anatero. "Ndikulowetsa. Koma uyambe wamva mawu anga, chifukwa pakhomo ili ndakhalapo zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo ndaona anthu akulowa ndi miyendo yawo n'kutuluka pa galimoto ya apolisi.

"Iwe ndiwe Mlomwe, kalongonda umamudziwa. Nyemba imene ija ndi yokoma, koma ili ndi ululu. Amaiphika tsiku lonse, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso. Munthu wanjala amati, 'Aa, wapsa uyu,' n'kuphula msanga. Akadya, mutu umazungulira, amayamba kulankhula ndi mitengo. Kodi wamulakwira ndi kalongonda? Ayi. Yamulakwira ndi njala yake.

"Bambo ako ndinkawadziwa asanagule ndi wailesi yomwe. Sanali munthu woipa. Anali munthu wanjala, wofuna kuti Migowi yense awatchule dzina. Anaphula msanga. Lero ana a eni ake khumi ndi anayi ali ndi zinthu m'mutu zimene sizichoka ndi sopo.

"Iwenso wabwera ndi njala, ndikuiona m'maso mwakomo. Njala ya mayi ndi yoopsa kuposa ya m'mimba. Tsono m'katimo akakufunsa, unene chimene ukudziwa, osati chimene ukulakalaka. Ngati sukudziwa, unene kuti sindikudziwa. Bodza la pakhoti silithera pakhoti, mwana wanga. Limakuperekeza mpaka kunyumba, n'kukhala nawe pamkeka. Wamva?"

"Ndamva, agogo."

"Pukuta mapaziwo. Tiye."

5. Kabowo

Pofika teni koloko anthu anali atadzaza kuseri kwa khoti. Kunabwera aphunzitsi, azibusa, amayi a mabungwe a m'mipingo, ndi anyamata a pamsika amene anakwera mumtengo wa mango kuti aone bwino. Majisitireti, amayi Luhanga, anatuluka ndi fayilo m'manja. Anali aafupi, a magalasi, olankhula Chichewa chomveka kuti n'chophunzira. A Tobias anali atawanong'oneza kale.

"Tisanayatse moto," anatero amayi Luhanga, "pali mwana amene ali ndi pempho. Bwera kuno."

Selestina anayenda pakati pa anthu. Wina mumtengo anafuula kuti, "Lowani muone dziko!" ndipo anthu anaseka. Wapolisi atatukula ndodo, phokoso linatha.

Anagwada n'kunena za napolo, za ukwati, za kyutekisi. Sanalire monga anamuuzira a Julius.

"Ipeze," anatero amayi Luhanga.

Anayamba kutulutsa matepi m'zikuto, imodziimodzi. Yakhumi, ayi. Ya makumi awiri, ayi. Dzuwa linkamuwotcha pakhosi. Anthu anayamba kung'ung'udza. Pafupi ndi pansi pa wilibala, m'chikuto cholembedwa kuti "Ulimi wa Fodya", anaipeza. Kadontho kofiira kanali pakona pomwe paja, kooneka ngati kanadonthezedwa dzulo.

Anaigwira ndi manja awiri n'kuiika pachifuwa.

Amayi Luhanga anayang'ana wotchi yawo, kenaka anamuyang'ana mtsikanayo nthawi yaitali.

"Chigamulo changa chikunena za matepi olaula," anatero. "Ukwati wa mayi ako si mlandu. Apolisi sanathe kuonera onse, ndipo lero magetsi kulibe. Koma iwe wakulira m'nyumba ya vidiyo, ukuidziwa tepi imeneyi kuposa ife tonse. Ndikhulupirira mawu ako. Undiuze pamaso pa anthu awa: kodi m'menemo muli ukwati wokhawokha? Ukati inde, nyamula uzipita."

Selestina anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Nthawi yomweyo chala chake, chimene chinkasisita kumsana kwa tepi monga ankachitira kale Lamulungu lililonse, chinafika pa kabowo kaja.

Kabowo panalibe. Panali posalala.

Anaitembenuza pang'ono n'kusuzumira. Pa kabowopo panali pomata ndi kachidutswa ka selotepu, kodulidwa bwinobwino ndi lezala. Mwana aliyense wokulira m'holo ya vidiyo amadziwa tanthauzo lake. Ukamata kabowo, deki imavomera kujambula zatsopano pamwamba pa zakale. Ndi mmene bambo ake ankachitira matepi opanda kanthu akawathera, pokopera makanema obwereka ku Limbe.

Pamenepo anazindikira chifukwa chake deki inkangokhala "yotentha" chaka chonse. Anazindikiranso chifukwa chake a Julius ankakadziwa kadontho kofiira.

Palibe wina anaona. Amayi Luhanga sankadziwa za timabowo. A Tobias maso awo anali ofooka. Chikhadabo chake chinali kale pamphepete pa selotepuyo. Kungokanda kamodzi, kakanagwera m'fumbi, iye n'kunena kuti inde. Mwina bambo ake sanafufute zonse. Mwina amayi ake anatsalamo penapake.

"Tikudikira," anatero amayi Luhanga.

Selestina anachotsa chala chake. Anatambasula manja n'kupereka tepiyo.

"Sindikudziwa, bwana," anatero. "Kale munali ukwati wokhawokha. Koma onani apa. Amata. Ndiye kuti ajambulapo zina."

"Wamata ndani?"



"Bambo anga."



6. Mphindi zinayi

Amayi Luhanga anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya mpango.

"A Tobias, jenereta ya a Makina ija ili m'sitolo ya katundu wa umboni, si choncho? Deki ndi sikirini zilinso momwemo? Kazitulutseni. Anthu adikire. Ngati wina watopa, kwawo akudziwako."

Jenereta inalira, liwu lomwe lija limene Selestina ankagona nalo ali mwana. Amayi Luhanga analowa mu ofesi ndi kalaliki ndi wapolisi wamkazi, n'kutseka chitseko. Selestina anakhala pa benchi ya pakhonde yekha. Anthu ankamuyang'anira patali, koma palibe anabwera kudzakhala naye. Nyerere zinkakoka phiko la chiwala pafupi ndi phazi lake. Anaziyang'ana mpaka zinalowa kuuna.

Patapita nthawi chitseko chinatseguka.

"Lowa, mwana wanga," anatero amayi Luhanga. "Unanena zoona. Kuyambira poyamba mpaka pafupi ndi pothera, ajambulapo zonyansa. Za kutchalitchi zonse zapita. Koma kanema wawoyo anali wamfupi kuposa ukwati. Kumapeto kwatsala mphindi zinayi."

"Ndiye mungadule mbali imeneyo mundipatse?"

Amayiwo anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Ndalingalira zimenezo. Chigamulo chikuti tepi iliyonse yopezeka ndi zolaula itenthedwe yathunthu. Ndinalemba ndi dzanja langa, ndinawerenga pamaso pa bambo ako. Ndikayamba kuduladula lero chifukwa cha chisoni, mawa abwera ena ndi lumo lawo, aliyense ndi chifukwa chake. Lamulo likapindika kamodzi siliwongokanso. Chimene ndingathe ndi ichi: khala apa. Uonere. Ukafuna kubwereza, unene."

Kalaliki anadina batani. Sikirini inachita mizeremizere, kenaka inayera.

Linali bwalo la kumudzi, dzuwa litapendeka. Ng'oma za tchopa zinkalira. Pakati pa bwalo panali amayi Edina, atavula nsapato zaukwati, diresi loyera atalimangira chitenje m'chiuno, akuvina. Anali aatali kuposa mmene Selestina ankakumbukira. Anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo. Mpatawo anali atauiwaliratu!

Kenaka amayiwo anaona kamera. Anaseka, n'kubisa pakamwa ndi dzanja.

"Inu a ku Limbe, mwajambula zokwana!" anatero. "Jambulani mwana wangayu. Sele! Bwera kuno, usathawe. Taonani, wadetsa kale diresi ndi mango!"

Kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi kanathamangira m'chithunzimo n'kubisa nkhope m'chitenje cha amayi ake. Dzanja la amayiwo linatsika n'kukhala pamutu pake. Kenaka chithunzi chinada, ndipo panatuluka malemba oyera: *Wojambula: W. Sitima, Limbe.*

"Mubwereze," anatero Selestina.

Anabwereza. Kachiwiri anayang'ana mano okha. Kachitatu anatsinzina kuti asunge mawu. Kachinayi anabwereka bolopeni ya kalaliki n'kulemba kanthu m'chikhatho chake.

"Basi," anatero. "Zakwana."

7. Utsi

Panja a Tobias anakhuthulira wilibala m'dzenje n'kuwaza palafini. Kalaliki ankawerenga matepi mokweza, wapolisi akuchonga papepala. Anafika pa makumi asanu ndi limodzi kudza awiri.

Amayi Luhanga anatembenukira kwa anthu.

"Makolo a kuno, tamverani. Mwabwera kudzaona moto, ndipo muuona. Koma musapite kwanu mukuganiza kuti zoipa zonse za pa Migowi zapsera m'dzenje ili. Holo ija inali pakati pa msika. Sipika yake inali pamwamba pa mtengo. Munkaona ana anu akulowamo nthawi ya sukulu, inu n'kumati ndi ufulu wa masiku ano. Ufulu tinaufuna tonse, ndipo tinauvotera. Koma ufulu si kutsekula khola n'kukagona. Lero mukuloza chala mwana uyu ngati ndiye anaimanga holoyo. Ine ndagwira ntchito m'makhoti anayi. Akuluakulu ovala mataye andinamizapo atagwira Baibulo. Mwana uyu ndinamupatsa mpata woti anditseke m'maso, palibe akanadziwa, ndipo wakana. Amene ali ndi mwana wotere kunyumba kwake ayambe ndiye kuseka."

Palibe anaseka. Koma palibenso anasendera pafupi.

Tepi yomaliza inali m'manja mwa amayi Luhanga. A Tobias anatambasula dzanja kuti ailandire.

"Ndiika ndekha," anatero Selestina.

Anatsikira m'mphepete mwa dzenje. Sanaiponye. Anaiika pamwamba pa zinzake mofatsa, kadontho kofiira kali kumwamba, monga munthu agonekera khanda. A Tobias anakhwatcha machesi.

Moto unabuka kamodzi n'kamodzi. Utsi wake unali wakuda bii, wonunkha, ndipo anthu anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Anyamata anatsika mumtengo akutsokomola. Mapulasitiki ankapindika n'kumalira ngati mbewa. Selestina sanasunthe. Anayang'anitsitsa kadontho kaja mpaka kanachita thovu n'kuzimirira.

Anthu atabalalika, a Tobias anabwera n'kuima pambali pake ndi fosholo.

"Kalongonda wapsa bwino," anatero.

"Koma sindinakhute, agogo."

Nkhalambayo inayamba kukwirira dzenje.

8. Dzina la m'chikhatho

Anabwerera wapansi, yunifolomu ikununkha utsi, dzanja lamanzere atalifumbata kuti thukuta lisafufute malemba. Njira yonse ankabwereza chamumtima: mpata wa mano, diresi, mango, dzanja pamutu. Ankaopa kuti akasiya, ziyambanso kuthawa.

Pa Migowi a Julius anali pansi pa bulugamu, ndipo atamuona anataya sipanala.

"Wabwera nayo? Ili kuti? M'chikwamamo?"

"Yapsa."

"Yapsa bwanji? Sunalire?"

"Ndinawaonetsa selotepu, a Julius. Imene inu munkaidziwa."

Nkhope ya a Julius inasintha. Anayang'ana uku ndi uku ngati pali amene wamva.

"Chitsiru cha mwana! Ukudziwa kuti tepi imene ija inkadzaza holo mpaka pawindo? Wawotcha mayi ako ndi manja ako, tsono uwaonera kuti? Kumanda?"

"Amene anajambula ukwatiwo sangalephere kusunga tepi yakeyake," anatero Selestina.

Polankhulapo chikhatho chinatseguka osadziwa. A Julius anamugwira pamkono n'kuwerenga. Anamusiya msangamsanga ngati agwira mbaula.

"Sitima? Dzina limeneli walitenga kuti?"

"Mukuwadziwa?"

"Tamvera, iwe mwana wa Makina." Mawu awo tsopano anali otsika, opanda nthabwala. "Ukuganiza kuti makanema aja bambo ako ankawabwereka kwa yani? Munthu ameneyo usakamufunefune. Ndipo ukamupeza, usakanene kuti ndiwe mwana wa ndani."

Anatola sipanala yawo n'kumufulatira.

Selestina anatsala chiimire pakati pa msika. Chibadwire anali asanapitirirepo pa Mulanje. Analibe womuperekeza, analibe womuuza. Tsidya la msewu minibasi yoyera inali kudzaza, kondakitala akumenya chitseko ndi chikhatho.

"Limbe! Limbe! Wotsala mmodzi!"

Anayang'ana m'dzanja lake. Thukuta linali litadya kale chilembo choyamba.